Nyumba ya pa boma ija ndi yako

Malume anga anatsikira kulichete usiku wa Lachinayi, ndipo pofika Lachisanu masana tinali titawaika kale, atakulungidwa mu nsanda yoyera, popanda bokosi, monga achitira Asilamu. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anatsala pasiwa ndi amayi anzake pakuti kumanda kunapita amuna okha. Iyeyu ndiye anawadwazika miyezi 8, kuwatembenuza pamphasa, kuwamwetsa phala, kuwachapira. Ndiyenso anali Mkhristu yekhayo mwa ana anayi. Anabatizidwa ali ku sekondale. Chaka choyamba mdalayo sankamuyankhula, koma mtima wa kholo suuma mpaka kalekale. Pa Idi ankamutumizira nyama, pa Khirisimasi ankamufunsa moseka ngati mpunga wakwana.

Chuma chinalipo, malinga ndi kumudzi kwathu: bwato la injini, chilimira, nyumba yamalata m'mbali mwa nyanja, ina pa boma ku Mangochi yochititsa lendi, ndi kandalama kubanki. Tsiku lina malume ali chigonere, ine ndi mkazi wawo tili pomwepo, anagwira dzanja la mwanayo nati: "Mwanawe, nyumba ya pa boma ija ndi yako. Wandisunga." Ndinamva ndi makutu angawa. Koma palibe anaganiza zotenga cholembera. Kwathu kuno ukatchula wilu pamaso pa wodwala, anthu amati wayamba kumukumbira manda akupuma.

Itatha sadaka ya masiku 40 tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo pamkeka umodzi panafika malamulo atatu.

Anayamba ndi mwana wamwamuna wamkulu, ndipo anayankhula mwaulemu. "Achemwali, ife sitikudana nanu. Koma mukudziwa kuti amene si Msilamu salowa m'chuma cha Msilamu." Sanapeke yekha zimenezi. M'malamulo akale a Chisilamu kusiyana chipembedzo kumadula cholowa mbali zonse: Mkhristu salandira kwa Msilamu, Msilamu salandira kwa Mkhristu. Magawo a otsalawo ndi oikika kale. Mkazi wamasiye, ngati pali ana, amatenga gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo mwana wamwamuna amalandira kawiri kuposa wamkazi.

Asanamalize, eni mbumba anatsokomola. Iwo anakumbutsa kuti ife ndi a chikamwini, ana ndi a kwa mayi wawo, ndipo wolowa m'malo mwa mwamuna ndi mwana wa mlongo wake. Mwana wa mlongo wakeyo ndine. Ndivomere pano: maso anga anapita ku injini ija. Mawu amene ndinamva pamphasa ndinawameza, ndinangoti zii, kuyang'ana pansi. Msuweni wanga anandiyang'ana kamodzi kokha, nanyamula chitenje chake n'kumapita.

Lamulo lachitatu silinayankhulidwe tsikulo, koma ndilo linali ndi mano. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lija la 1967, silifunsa kuti mwana amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Munthu akafa wopanda wilu, chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye. Ana onse ndi ana, wamkazi ndi wamwamuna, wobadwira m'banja ndi wa kunja. Ife adzukulu ndi eni mbumba, amene lamulo lakale linkatipatsa gawo lathu potsata mwambo, lino linatichotsa pamzere. Kugwira chuma cha masiye popanda chilolezo ndi mlandu woti munthu n'kukagona nawo kundende. Pamwamba pa zonsezi, gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo. Ku Kenya kuli makhoti a Kadhi oweruza za ukwati ndi cholowa cha Asilamu, ndipo ngakhale kumeneko amagwira nkhani pokhapokha onse okanganawo ali Asilamu. Kuno makhoti otero kulibe. Abale akuluakulu akagwirizana mwaufulu kugawana motsata chipembedzo, ndi zawo. Mmodzi akangokana, nkhani imagwa m'manja mwa lamulo la boma.

Msuweni wanga anakana. Anapita kukhoti, ndipo nkhani inayenda mwaukamba, pakuti aliyense ankabwera ndi mboni zake, wina kudwala, wina kuthawira ku Joni. M'zaka zimenezo chuma sichinadikire. Alovi anabalalika chifukwa sankadziwa kuti bwana ndani. Chilimira chinadyedwa ndi makoswe m'thumba. Injini inachoka usiku, ndipo mpaka lero wina amaloza mnzake. Wa lendi pa boma, poona eni nyumba akulimbana, anangosiya kulipira, ndipo ndani akanamuthamangitsa?

Chigamulo chitabwera, palibe analuluta. Achimwene ake anamva kuti mlongo wawo ali ndi gawo lofanana ndi lawo. Iye anamva kuti mawu a pamphasa aja si wilu, ngakhale ine, mochedwa, ndinakaima n'kuchitira umboni. Nyumba siidulidwa ngati chinangwa, choncho inagulitsidwa, ndipo ndalamazo zitagawidwa, atachotsapo za maloya ndi ngongole, aliyense anatenga zosakwana kugula ngakhale poloti.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndinachimva pambuyo pake kwa shehe wina wachikulire amene ankapemphera ndi malume. Anapukusa mutu nati mnzakeyo akanangomufunsa, njira inalipo m'Chisilamu momwemo. Msilamu amaloledwa kulemba wasiya, kupereka mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake kwa munthu amene salowa m'cholowa, ndipo mwana wa chipembedzo china akhoza kulandira kudzera pamenepo. Amaloledwanso kupereka mphatso akadali moyo, nyumba n'kusinthiratu dzina. Ndiye kuti malume akanatha kusunga chikhulupiriro chawo, kusunga lonjezo lawo, ana aamuna osakhala ndi ponena. Chinkafunika ndi pepala limodzi, siginecha yawo, ndi mboni ziwiri zowaona akusaina, makamaka anthu opanda gawo m'chumacho, kenako n'kukalisungitsa kwa loya kapena ku ofesi ya DC.

Akhristu asawerenge izi akumwetulira. Ndaonapo ana a mkulu wa mpingo akutsekera kunja mbale wawo amene analowa Chisilamu pokwatira, ati anadzichotsa yekha pabanja. Iwowa analibe ngakhale lamulo la mpingo loti alozepo, unali umbombo wovala yunifolomu ya chigwirizano. Ndipo bambo amene wabatizidwa atakula, n'kudalitsa ukwati watsopano kutchalitchi osalongosola za mkazi amene anamanga naye ndowa kumzikiti, akusiyira ana a nyumba ziwiri moto womwewu. Wofuna kumana mwana dala kudzera mu wilu adziwenso kuti khoti lili ndi mphamvu yopatsa gawo mkazi kapena mwana amene wasiyidwa padzuwa.

Msuweni wanga amakhala ku Zomba tsopano. Amatumizira mayi ake sopo ndi shuga kudzera mwa kondakitala wa minibasi, koma pakhomo paja sapondapo. Foni yanga sayankha. Bwato lija likadali pamchenga pomwe alovi analisiya, ndipo ana amabisalamo akamasewera chibisalirano.