Malangizo: Kusiya Mowa Kumafuna Anzanu

Omvera athu a ku Chiromo ndi Bangula amene mwatopa ndi kachasu, musalimbane ndi vutoli nokha. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 ku Akron, America, anthu awiri ovutika ndi mowa ataona kuti kukambirana kumawathandiza kusamwa. Mwina mukuti, "Kuno gulu lotero ndilipeza kuti? Anthu sadzandinena?" Komatu mudzi ukudziwa kale za kumwa kwanu, ndiye manyazi asakutsekereni thandizo. Pemphani mlangizi wa zaumoyo kapena abusa akulumikizeni ndi ena ofuna kusiya. Ngakhale anthu atatu angathe kumakumana mlungu uliwonse, nkumasungirana chinsinsi. Koma ngati mumanjenjemera mukapanda kumwa, yambani mwapita kuchipatala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungakukomoleni.