Uphungu: kugula piyano yamagetsi yapamwamba ndi kuikhazika pakhomo



Ndine mayi wa zaka 46, namwino pa chipatala china mumzinda wa Lilongwe. Ndili mtsikana ndinkaimba limba kutchalitchi kwathu, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 12 watengera ine. Aphunzitsi ake akuti kiyibodi yaing'ono ya makiyi 61 imene tili nayo yamuchepera, komanso ikumuzoloweretsa zala molakwika. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikusunga ndalama za chipereganyu kuti ndigule piyano yamagetsi yapamwamba. Bambo a kunyumba akuti kumeneko n'kutaya ndalama poti zonse zimalira chimodzimodzi, chonsecho mpanda wa nyumba sunathe. Alamu anga a ku Johannesburg akuti atha kunditumizira yakale pa mtengo wotsika. Mtima wanga uli pawiri. Kodi ndikulakwa? Ngati sindikulakwa, ndigule yotani, ndipo ndidzaisamala bwanji ndi mmene magetsi amazimiramu?

Mayi wothedwa nzeru, Lilongwe

Yankho

Piyano yamagetsi imatsanzira piyano yansambo, imene Bartolomeo Cristofori anaipanga koyamba mumzinda wa Florence ku Italy cha m'ma 1700. Mu piyano yansambo, chala chikadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi nsalu yaubweya kamamenya nsambo. Kudina mofatsa kumatulutsa mawu apansipansi, kudina mwamphamvu kumatulutsa mawu okweza, ndipo luso lonse la woimba lagona pa kulamulira kusiyana kumeneku. Piyano yathunthu imakhala ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndi nsambo zoposa 200 zimene zimafunika mmisiri wozikunga kamodzi kapena kawiri pa chaka. Yamagetsi ilibe nsambo. Pansi pa kiyi aliyense pali tizipangizo toyeza liwiro limene kiyiyo watsikira, ndipo kakompyuta ka m'kati kamatulutsa mawu oyenerana ndi liwirolo kudzera m'masipika. Siifuna kukungidwa, chinthu chothandiza kwambiri kuno kumene amisiri a ntchitoyi ndi owerengeka.

Zimene bambo a kunyumba akunena zili ndi choonadi pang'ono. Munthu atakhala pakhonde n'kumamvera nyimbo yosavuta kuchokera m'nyumba, mwina sangasiyanitse kiyibodi yotchipa ndi piyano yodula. Kusiyana kwenikweni amakumva ndi woimba, m'zala. Makiyi a kiyibodi yaing'ono amabwerera m'mwamba ndi masipuling'i, ndipo ndi opepuka moti mwana amazolowera kungowakhudza. Akadzakhala pa piyano yeniyeni zala zimatopa msanga, mawu ena satuluka n'komwe, ndipo kuimba mofatsa kumamukanika. Aphunzitsi a mwanayu akunena zoona, ndipo mayi amene alemba kalatayi sakulakwa. Makiyi 61 amaperewera pa nyimbo zambiri za ophunzira amene apita patsogolo, ndipo mayeso monga a bungwe la ABRSM la ku London amayembekeza kuti wophunzira wazolowera makiyi olemera ndi chopondera chotalikitsa mawu.

Choncho ndalama zambiri za wogula ziyenera kulunjika pa makiyi. Piyano yamagetsi yabwino imakhala ndi tinyundo tenitenidi pansi pa makiyi, ngakhale sitimenya nsambo, kuti chala chizimva kulemera. Kulemerako kumasiyana: makiyi a kumanzere, a mawu a besi, amalemererapo, ndipo amanka napepuka cha kumanja. M'mapiyano apamwamba makiyi amakhala a mtengo, ndiponso aatali kulowa m'kati mwa bokosi kumene diso silifika. Kutalikaku n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kiyi amayenda ngati mkono wa sikelo, ndipo akakhala wamfupi amauma munthu akamudina cha kumtunda, pakati pa makiyi akuda, pamene zala zimafika kawirikawiri poimba nyimbo zovutirapo. Kiyi wamtali amatsika mofanana paliponse pamene chala chagwera. Mapiyano a gulu limeneli amakhalanso ndi tizipangizo toyeza titatu pa kiyi aliyense, kuti mawu amodzi athe kubwerezedwa mofulumira kiyi asanabwerere mpaka pamwamba.

Makampani atatu odziwika kwambiri pa malondawa, Yamaha, Kawai ndi Roland, onse ali ndi malikulu awo mumzinda wa Hamamatsu ku Japan. Yamaha inayamba kugulitsa mapiyano a Clavinova mu 1983, ndipo mwa mitundu yake ilipo iwiri imene wogula sayenera kuisokoneza. A CLP anapangidwira woimba piyano basi, pamene a CVP ali ndi ng'oma, magitala ndi zida zina zoimba zokha motsatira woimba, ndipo amadula chifukwa cha zimenezo. Kwa mwana wophunzira, CLP ndi yokwanira. Kawai, kampani imene Koichi Kawai anaikhazikitsa mu 1927, ili ndi gulu la CA lotchuka ndi makiyi aatali a mtengo, ndipo CA901 ili ndi thabwa lonjenjemera kumsana kwake lotulutsa mawu monga piyano yansambo. Roland ili ndi gulu la LX. Pamwamba pa zonsezi pali mapiyano monga Yamaha AvantGrand ndi Kawai Novus, amene makiyi ndi tinyundo take ndi zofanana ndi za piyano yansambo. Ndi abwino zedi, koma mtengo wake ndi wa akatswiri, ndipo banja limene likumanga mpanda lisadzipanikize nawo.

Mawu amapangidwa m'njira ziwiri. Yamaha ndi Kawai amajambula mawu a mapiyano awo akuluakulu a m'maholo, kiyi mmodzimmodzi, pa mphamvu zosiyanasiyana: Clavinova ili ndi mawu a Yamaha CFX ndi a Bösendorfer Imperial ya ku Vienna, pamene Kawai ili ndi a Shigeru Kawai SK-EX. Roland, m'gulu la LX, imasiyira kompyuta kuti iwerengere mmene nsambo ndi thabwa zikananjenjemerera. Njira zonse ziwiri zafika patali, ndipo kusankha pakati pake ndi nkhani ya khutu la mwini. Chimene sichiyenera kukopa wogula ndi chiwerengero cha mawu a zida zina, mazanamazana, kapena kukula kwa sikirini. Wophunzira piyano amagwiritsa ntchito mawu amodzi kapena awiri pafupifupi masiku onse.

Ngati kungatheke, piyano iyesedwe isanagulidwe, ndipo woyesa akhale mwanayo pamodzi ndi mayi ake, poti onse amaimba. Kuyesa kwabwino kumayamba piyano ili yozimitsa: kudina makiyi onse mmodzimmodzi n'kumamvera ngati pali wina wogogoda, wokwekweresa kapena wochedwa kubwerera. Kenaka iyatsidwe ndi kuimbidwa motsitsa kwambiri, chifukwa piyano yosalongosoka imaonekera pa kuimba mofatsa. Zopondera zonse zitatu ziyesedwe, makamaka cha kumanja, chimene chiyenera kumva ngakhale chitapondedwa theka.

Ganizo la alamu lili ndi ubwino wake, popeza ku South Africa kuli masitolo ambiri a zida zoimbira, ndipo magetsi a kumeneko ndi a 230V monga a kuno. Chosiyana ndi pulagi yokha. Yochokera ku America ingakhale ya 120V, ndipo chizindikiro cha pansi pa makiyi kapena pa adaputala chiwerengedwe isanalumikizidwe. Vuto lili pa kugula yakale osaiona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: bokosi lingawale pa chithunzi cha pa WhatsApp pamene timphira ta pansi pa makiyi tatha, masipika akunong'ona zachilendo, kapena mphemvu zinamanga mudzi pa mawaya. Piyano yamagetsi imakalamba ngati chida china chilichonse chamagetsi, ndipo zipangizo zosinthira za mtundu umene unasiya kupangidwa kalekale zimavuta kupeza. Ngati yakale ndiyo yotheka, ikhale ya zaka zochepa, alamuwo apite ndi munthu wodziwa kuimba, ajambule kanema wa makiyi onse 88 akulira, ndipo atenge lisiti yoyambirira. Pa yatsopano, wogulitsa afunsidwe ngati chitsimikizo chokonza ikaonongeka chimagwira ntchito kunja kwa dziko limene yagulidwa, pakuti nthawi zambiri sichitero.

Mtengo wa m'sitolo si mtengo womaliza. Piyano ya mtundu umenewu imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo zikuluzikulu zake zimalemera makilogalamu oposa 70. Pali ndalama za thiraki yodzera ku Tete kudzalowera pa Mwanza kapena pa Dedza, msonkho wa MRA, ndi malipiro a wothandiza kuombola katundu. Zonsezi zifunsidwe ndi kulembedwa ndalama zisanatumizidwe. Piyano iyende m'katoni yake ya kufakitale, ndipo pamwamba pake pasasanjikidwe matumba.

Pepala la ziwerengero limeneli ndi limenenso lingathandize pa nkhani ya bambo a kunyumba. Nkhawa yawo ya mpanda ndi yomveka, ndipo ikukhudza piyano yomweyo, chifukwa katundu wodula amafuna nyumba yotetezeka. Ndalama za chipereganyu anasunga ndi mayi, koma chida chachikulu chotere chikalowa m'nyumba mwa mkangano, phokoso lake limakhala lokumbutsa mkanganowo tsiku ndi tsiku. Ndi bwino bambowo aitanidwe ku phunziro limodzi la mwana, amve kwa aphunzitsi, ndi kudina okha makiyi a mitundu yonse iwiri. Mayi nawonso angathe kutsikako pang'ono. M'gulu limodzi, monga CLP kapena CA, pamakhala mapiyano awiri okhala ndi makiyi ofanana koma osiyana masipika ndi bokosi. Kusankha wotsikirapo mwa awiriwo sikuchotsa kanthu pa zala za mwana, ndipo ndalama zotsalazo zingagule simenti.

Piyano ikafika, kuimanga ndi ntchito ya anthu awiri kapena atatu. Miyendo, thabwa la kumbuyo ndi bokosi la zopondera zimayamba kulumikizidwa, kenaka chigawo cholemera cha makiyi chimanyamulidwa ndi kukhazikidwa pamwamba, manja ali kutali ndi m'mphepete kuti zala zisapanidwe. Zomangira zimangidwe molekeza kaye, zidzalimbitsidwe zonse zitalowa m'malo mwake. Pansi pa bokosi la zopondera pamakhala kabawuti kamene kayenera kupotokoledwa mpaka kagunde pansi. Ambiri amakaiwala, ndipo bokosilo limapindika ndi kupondedwa.

Malo abwino ndi pakhoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi zenera. Dzuwa la mu Okutobala limasuwitsa bokosi ndi kutenthetsa za m'kati, mpweya wa mvula umalowera pazenera, ndipo fumbi la m'chilimwe likafika pa tizipangizo toyeza, kiyi amayamba kulira mokweza yekha kapena kukhala chete. Utsi ndi mafuta a kukhitchini n'zoipa chimodzimodzi. Pakati pa piyano ndi khoma pasiyidwe mpata wokwana chikhatho kuti mawu asatsamwe. M'chipinda cha matailosi ndi makoma opanda kanthu mawu amachita phokoso, ndipo kapeti ndi makatani zimawafewetsa. Chipinda chochezera chimene TV imakhala yoyatsa madzulo onse chimalanda mwana nthawi yophunzira, koma chipinda chotsekedwa chosungiramo katundu nachonso chimaiwalitsa piyano. Pafunika malo amene anthu amadutsapo tsiku lililonse.

Pa nkhani ya magetsi, choopsa si kuzima koma kubwera kwake, pamene mphamvu imatha kupyola muyeso n'kuotcha za m'kati. Piyano ikhale ndi soketi yakeyake, yodzera m'kachida kotchinjiriza konga kaja kamaikidwa pa firiji, kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike. Magetsi akazima, ndiponso kukamachita ziphaliwali, pulagi izulidwe kukhoma, chifukwa kuzimitsa pa batani kokha sikuteteza ku mphezi. Piyano yotere siidya magetsi ambiri, mawati makumi angapo chabe, choncho batire ya sola ingaiyendetse bwinobwino, bola invata yake ikhale ya mtundu wa pure sine wave. Invata yotchipa imalowetsa kulira kwa ng'ung'ung'u m'masipika. Jenereta yaing'ono yosakhazikika mphamvu ipewedwe.

Benchi ikhale yotheka kukweza ndi kutsitsa, popeza oimba ndi awiri osiyana msinkhu. Munthu akakhala, mikono kuchokera pa chigongono iyenera kulingana ndi makiyi, ndipo mapazi afike pansi. Voliyumu ikhale pamlingo woyandikira piyano yeniyeni. Ikatsitsidwa kwambiri poopa kusokoneza anthu, mwana amaphunzira kumenya makiyi. Ikakwezedwa kwambiri amaphunzira kuwaopa. Usiku mahedifoni awaya amathetsa vutoli, ndipo mapiyano ambiri ali ndi mabowo awiri kuti mayi ndi mwana amvere limodzi. Mahedifoni a Bluetooth sathandiza poimba chifukwa mawu amafika mochedwa. Makolo aonetsetse kuti mahedifoni sakukwezedwa mopweteka makutu, ndiponso kuti masiku ena mwana aziimba poyera, kuti azolowere kumvedwa ndi anthu.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku n'chochepa. Woimba asambe m'manja, chivundikiro cha makiyi chitsekedwe akamaliza, ndipo nsalu yoyera ifunditsidwe pamwamba. Makiyi apukutidwe ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, popanda sipiriti, polishi kapena sanitaiza. Kapu ya tiyi ndi mphika wa maluwa zisakhale pamwamba pake. Nyenyeswa za chakudya zimaitana nyerere, mphemvu ndi makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya, choncho kumbuyo kwa piyano kuzisesedwa. Pakatha miyezi ingapo zomangira ziyesedwenso, makamaka ngati piyano yayamba kugwedezeka poimba. Lisiti, mapepala a msonkho ndi nambala ya piyanoyo zisungidwe pamodzi, ndipo banja likamachoka pakhomo kwa masiku angapo, pulagi izulidwe.