Makro: Chida Chogwira Ntchito Zobwerezabwereza mu Excel

Mwezi ukamatha, m'maofesi a mu CBD ya Gaborone, kaya ku iTowers, ku Masa Square kapena kulikulu la SADC, alembi ndi owerengera ndalama amakhalira ntchito yomweyomweyo: kukopera manambala, kusanja mayina, kuwerengera msonkho wopita ku bungwe la misonkho la BURS. Ntchito zotere Excel imatha kugwira yokha, ndipo chida chake ndi makro.

Makro imajambula chilichonse chimene mukuchita mu Excel, n'kudzachibwereza mukailamula. Malangizo ake amalembedwa m'chinenero cha VBA, chimene chinalowa mu Excel mu 1993, koma woyamba kumene safunika kudziwa ngakhale liwu limodzi la chinenerocho.

Kayambidwe kake

Pitani pa File, kenako Options, kenako Customize Ribbon, muchonge pa Developer. Mukatero sankhani kantchito kamodzi kakang'ono kamene mumachita sabata iliyonse, monga kudetsa mitu ya tebulo ndi kuika ndalama m'mapula ndi mathebe. Dinani Record Macro, ipatseni dzina lopanda mpata pakati, gwirani ntchitoyo modekha, n'kudina Stop Recording. Kuti ibwereze, dinani Alt ndi F8 pamodzi, musankhe dzina lake, n'kudina Run. Posunga fayilo sankhani mtundu wa .xlsm, chifukwa .xlsx imataya makro yonse.

Ambiri amalekera pomwepo, pamene kuphunzira kwenikweni kuli patsogolo. Dinani Alt ndi F11 muone zimene kompyuta yalemba. Poyamba zimaoneka zosokoneza, komabe mukayang'anitsitsa mupeza mawu ngati Range("A1"), kutanthauza kabokosi kamene munadina kaja. Sinthani A1 akhale B1, muiyendetsenso, muone chimene chasintha. Kusintha mzere umodzi patsiku kumaphunzitsa bwino kuposa kuthamangira buku lalikulu la VBA musanajambule kalikonse.

Chenjerani ndi izi

Zimene makro yachita sizibwezedwa ndi Ctrl ndi Z. Ikafufuta, yafufuta basi. Choncho muziyesera pa kope la fayilo, osati pa fayilo ya malipiro a antchito.

Musalembe chiwerengero cha msonkho mkati mwa makro. VAT ya ku Botswana inakwera kuchoka pa 12% kufika pa 14% mu 2021, inatsikako kwa kanthawi mu 2022, n'kubwereranso mu 2023. Chiikeni m'kabokosi kakekake kuti chikasintha mudzangokonza malo amodzi.

Akuba a pa intaneti nawonso amabisa mavairasi m'makro, n'chifukwa chake kuyambira mu 2022 Microsoft imatsekereza makro za m'mafayilo ochokera pa intaneti. Fayilo ikabwera pa imelo kuchokera kwa munthu wosamudziwa, musaitsegulire makro. Ngati kompyuta ndi ya kuntchito, yambani mwafunsa a IT, popeza maofesi ena anatseka makro dala.

Amene alibe Excel akhoza kuphunzirira pa LibreOffice Calc, yomwe ndi yaulere ndipo nayonso imajambula makro, ngakhale kuti malamulo ake amasiyanako ndi a VBA.