Chovala cha Siliva Sichinampulumutse Herode

M'CHAKA cha 44 C.E., Mfumu Herode Agripa I anakhala pampando wake wachifumu mu Kaisareya. Anthu a ku Turo ndi Sidoni anali atadza kudzapempha mtendere, pakuti anali kudalira chakudya cha m'dziko lake. Wolemba mbiri Wachiyuda Josephus akusimba kuti mfumuyo inavala chovala cha siliva chimene chinanyezimira padzuŵa la mmaŵa. Italankhula, khamulo linafuula kuti iyo inali mulungu. Herode sanawadzudzule. Pomwepo mngelo wa Yehova anamkantha, ndipo anadyedwa ndi mphutsi. Malinga ndi Josephus, anafa patapita masiku 5.—Machitidwe 12:20-23.

2 Kodi tchimo lake linali lotani? Analandira ulemerero woyenera Mulungu yekha. Taonani kusiyana kwake ndi mtumwi Petro, amene Herodeyo anamponya m'ndende. Mumzinda umodzimodziwo, Korneliyo atagwa pamapazi ake, Petro anamuutsa, akumamkumbutsa kuti iyenso anali munthu chabe.—Machitidwe 10:25, 26.

3 Bwanji ponena za ife? Kaŵirikaŵiri anthu amatamanda maudindo, maphunziro apamwamba, ndi chuma, komabe zonsezi sizingawonjezere tsiku ngakhale limodzi pa moyo wa munthu. Mumpingo namonso, mbale woyamikiridwa kaamba ka kuphunzitsa bwino angayambe kudziona kukhala woposa ena. Chotero, poyamikiridwa tiyenera kukumbukira kuti luso lililonse limene tili nalo tinachita kulandira. (1 Akorinto 4:7) Pamenepo chitamando chidzamka kwa Mwini wake.

1. Kodi nchiyani chinachitikira Herode?
2. Kodi Petro anasiyana naye motani?
3. Kodi tiyenera kukumbukiranji poyamikiridwa?