Musathamangire Chiwongolero, Achimwene

Zikomo achimwene athu a ku Balaka chifukwa cha kalata yanu. Mukuti muli ndi laisensi ya Code B, koma mtima uli pa mathiraki. Chabwino. Thiraki yokoka ngolo imafuna Code EC, kuphatikizapo chiphaso cha PrDP chochokera ku Road Traffic. Sukulu yophunzitsa kuyendetsa imene mukuifunayo, pitani mukaione ndi maso. Kodi ili ndi thiraki yakeyake? Ena amakuphunzitsani pa kalole kakang'ono, tsiku la mayeso n'kukabwereka thiraki kwa anzawo. Inu kubweza ngolo cham'mbuyo musanayeseko n'kamodzi komwe!

Za kampani yoti mukagwireko ntchito, musafunse abwana ayi, funsani madalaivala awo. Kawapezeni pa chipata cha Mwanza akudikira mapepala, mbaula ili m'mbali mwa ngolo, nsima ili pamoto. Iwowo ndiwo akuuzeni ngati ndalama ya panjira imaperekedwa musananyamuke ulendo wa ku Beira kapena Durban, ndiponso amene amalipira tayala likaphulika ku Tete kotentha kuja. Ambiri amayamba ndi kuthandizira dalaivala wamkulu, musachite nazo manyazi. Koma chonde, kalata ya ntchito osasayina musanaiwerenge. Mukakhoza mayeso mutilemberenso, achimwene.