Za Zizindikiro za Kutha kwa Chisanu

Abale athu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chembe ndi ku Nkope kufikira kwa Mponda, ndi inu a tsidya lija la ku Malindi, mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za zinthu zimene maso athu aziona chaka ndi chaka, koma kawirikawiri tingozipitirira osaima. Tinena za masiku aja pamene chisanu chitha, ndipo mitengo iyamba kuphuka mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi.

Anthu a ku Ulaya ali nayo nyengo imene aikonda koposa, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene kuzizira kwawo kwakukulu kutha ndi maluwa atuluka m'nthaka. Ana athu awerenga zimenezi m'mabuku a kusukulu, nayesa kuti kwathu kuno kulibe zotere. Si kutero ayi. Ife tikhala ku mbali ya kumwera ya dziko lapansi, chifukwa chake nyengo zathu zisemphana ndi zawo, ndipo mphukira zathu zioneka kuyambira mu Ogasiti kufikira mu Okutobala. Kusiyana kwake nkwakuti kwawo mitengo iphuka m'nthaka yonyowa, koma kwathu iphuka m'fumbi.

Chizindikiro choyamba tichimva ndi makutu. Mwera, mphepo ija imene ivundula nyanja mu Juni ndi Julayi, nikhalitsa asodzi pagombe masiku angapo osaponya khoka, uyamba kulefuka. Usiku wina tingozindikira kuti mafunde aleka kulira, ndipo potuluka panja tiona nyali za asodzi a usipa zitandanda pamadzi ngati mudzi wachiwiri. Ana amene adali kuunjikana pamoto atulutsa mphasa pabwalo, ndi agogo awo aleka kudandaula za mawondo.

Pakhomo penipeni mboni yoyamba ndiyo mtengo wa mango. Uvala timaluwa tosawerengeka, fungo lake lidzaza bwalo lonse, ndipo m'mawa mumva njuchi ndi ntchentche zilikulira m'nthambi zake. Musadabwe poona maluwa ambiri akuyoyoka pansi. Pa mazana a maluwa a pa tsango limodzi, owerengeka okha ndiwo asanduka zipatso. Pano tilankhuleko ndi anyamata athu, amene chizolowezi chawo ndi kugenda timango tikadali ngati dzira la nkhunda. Mango amenewo ndiwo adzatigwira m'mimba mu Novembala ndi Disembala, pamene nkhokwe zambiri zapepuka. Wowagenda lero alikutaya chakudya cha alongo ake.

Tsopano kwezani maso kumapiri, ku Namizimu ndi ku Phirilongwe. M'mwezi wa Sepitembala nkhalango imene idali yotuwa ifiira, pena ngati magazi, pena ngati mkuwa, kotero kuti mlendo angayese kuti masamba alikuuma. Amenewo ndiwo masamba atsopano a mitengo ya mombo ndi anzake, ndipo patapita masabata owerengeka abiriwira. Kodi madzi awapeza kuti, popeza kumwamba kuli mbee? Mizu yake ipita pansi patali, kumene chinyezi cha dzinja lapitalo chidakalipo, ndipo mtengowo unasungiratu chakudya m'mizu ndi m'thunthu mwake. Chimene chiudzutsa si mvula, koma kufunda kwa dzuwa. Mawu amenewa muwasunge, pakuti tibwererako.

Mlambe, umene uima wopanda tsamba chilimwe chonse, uchedwa pang'ono. Masamba ake anthete, amene amayi athu awathyola nawaphika ndiwo, atuluka mvula ili pafupi, ndipo pamodzi nawo adza maluwa oyera aakulu olendewera pansi. Maluwa amenewa atseguka madzulo, nafota tsiku lotsatira; amene awachezera usiku ndi mileme, ndipo ndiyo itenga ufa wa duwa lina kunka nawo ku lina kuti malambe abale. Ambiri a ife tabadwira pansi pa mlambe, koma sitinaimepo madzulo amodzi kuliona duwa lake likutseguka. Chaka chino tengani ana, mukaone.

Koma pali mtengo umodzi wochita zosemphana ndi anzake onse, ndiwo msangu, umene uchuluka m'minda ya m'chigwa chathu. Pamene mitengo ina ili mbulanda, msangu uli wobiriwira, nupatsa mbuzi ndi ng'ombe mthunzi ndi zipatso zake zopindika. Tsono anzake akavala, iwo uvula: mvula ikayamba ugwetsa masamba ake onse. Chifukwa chake chimanga chobzalidwa pansi pake sichisowa dzuwa, ndipo masamba ogwawo aola nasanduka manyowa. Mizu yakenso iwonjezera chonde m'nthaka monga ichitira mizu ya nyemba ndi nandolo. Makolo athu anadziwa ichi kale, ndipo posweka mphanje anali kuusiya msangu uli chiimire. Ife timva chisoni poona ena lero akuudula chifukwa cha nkhuni za sabata imodzi.

Kudimba nako kuli kukondwa kwake. Nyanja ibwerera pang'onopang'ono chilimwe chonse, pafupifupi mita imodzi kuchokera pamene inafika mu Epulo kapena Meyi, nisiya nthaka yachinyontho m'mbali mwake ndi m'mbali mwa Shire ndi Malombe. Chimanga chimene chinali kukwinimbira ndi chisanu chithamanga tsopano, maungu ayala, ndi nkhwani zibwerera m'mbale. Koma kuthirira kuchuluka, ndipo wanzeru athirira m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, naphimba mabedi ake ndi udzu.

Pamenepo dzuwa likula mphamvu. Kuno ku Mangochi liima pamutu penipeni m'masiku otsiriza a Okutobala ndi oyamba a Novembala. Imikani ndodo yowongoka masana, mudzaona kuti mthunzi wake wathawira kunsi kwake. Nyenje zilira kosaleka, mpoto uyamba kuomba, mitambo iunjikana cha ku Namwera, ndipo tsiku lina kugwa mvula yonunkhira fumbi, imene akulu anaitcha chizimalupsa. Ana avina pabwalo, ndipo mtima wa mlimi aliyense ulumpha.

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Chizimalupsa ndi mvula yozima moto wa m'tchire, monga dzina lake linena. Si mvula yobzalira. Mitengo itha kuphuka msanga chifukwa ili ndi mizu yakuya ndi nkhokwe yake. Njere ya chimanga ilibe zimenezo. Ikamera pa chinyezi cha chala chimodzi, ndipo dzuwa likabweranso masabata awiri kapena atatu, ipsa, ndi mbewu imene munaisunga kapena kuigula ndi ndalama zovuta yapita. Dera lathu la m'mbali mwa nyanja ndi lotentha, la mvula yochepa kuyerekeza ndi kumapiri, ndipo mvula yeniyeni kawirikawiri ikhazikika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Akulu amene anaona njala ya 1949, ndi ife amene tinaona ng'amba ya 2016 ndi ya 2024, tidziwa kuti mbewu yobzala kachiwiri sipezeka msanga.

Tsono masiku a mphukira ali ndi ntchito zake zoyenera. Mango akachita maluwa, yambani kusosa. Mapiri akafiira, mizere ikhale itayambika ndi manyowa atapita kumunda. Mlambe ukaphuka, denga likhale lofolera ndi mbewu yosankhidwa. Ndipo mvula ikagwa, musathamangire dengu la mbewu. Tengani khasu mukumbe pamzere, mulowetse dzanja: mukapeza kuti chinyezi chapitirira chikhatho chonse kufikira pamfundo ya dzanja, ndipo kumwamba kukali kolemera, itanani a pabanja panu mukabzale.