Mafunso ndi Mayankho: Timakeke ta Nthochi, Soya ndi Nsinjiro

 Makalata a omvera achuluka sabata ino, ndipo ambiri akufunsa za timakeke ta nthochi tija tinatchula, toti mwana apite nato kusukulu, bambo apite nato kudimba. Tiyambe msanga nthawi isanatithere.

Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa pa Dedza Boma. Akuti: "Ndinaona pa WhatsApp ma muffin a nthochi omanga thupi, koma akuti mumafunika ufa wa mapuloteni wa m'chitini. Ndingaugule kuti?"

Mwanangu, sunga ndalama yako. Ufa umenewo amamwa anyamata onyamula zitsulo, ndipo mtengo wake ungagulire soya wokwanira banja miyezi ingapo. Pa magalamu 100 a soya wouma pali magalamu pafupifupi 36 a zomanga thupi. Mtedza uli ndi pafupifupi 25. Dzira limodzi lili ndi 6. Nanga nthochi? Galamu imodzi yokha pa 100. Choncho nthochi ntchito yake ndi kutsekemeretsa ndi kufewetsa basi. Chomanga thupi ndi zimene waphatikizamo, ndipo zonsezo timalima konkuno.

Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Thete. Akuti tsiku lija ndinapereka muyezo anali kumaliro, ndiubwerezenso. Pepani ndi zovutazo, mayi. Tengani cholembera, ndipo amene munalemba kale musadandaule.

Nthochi zitatu zikuluzikulu, zakupsa mpaka khungu lachita mawanga akuda, zija mavenda amatsitsa mtengo madzulo. Zinyenyeni ndi foloko. Swerani mazira awiri, thirani theka la kapu ya chambiko, masupuni atatu a mafuta ophikira ndi masupuni awiri a shuga. Awiri, mayi, osati dzanja lonse. M'mbale ina sakanizani kapu imodzi ya fulawa, theka la kapu ya mgaiwa, theka la kapu ya ufa wa soya wokonzedwa bwino, masupuni anayi a nsinjiro, kamchere pang'ono, ndi soda wosadzaza kasupuni ka tiyi. Phatikizani zouma ndi zamadzi, mutakase pang'ono chabe mpaka ufa usaoneke. Mukatakasa ngati mukuvundula nsima, timakeke timatuluka tolimba. Muyezo umenewu umatulutsa timakeke 12, ndipo kalikonse kamakhala ndi zomanga thupi zoyandikira za dzira limodzi. Mu uvuni ndi madigiri 180, mphindi 20 kapena 25. Bayani ndi kamtengo koyera pakati. Kakatuluka kouma, tapsa.

Tsopano iyi, ya mayi wa kwa Kaphuka, ndi imene ndikufuna tikhalepo. Akuti: "Ndinapanga monga munanenera. Timakeke tinatuluka tonunkha ngati nyemba zosapsa, ana anakana, ndipo wamng'ono amene anadya mimba inatupa, usiku wonse akungotulutsa mpweya. Bambo akunyumba akuti soya ndi chakudya cha nkhumba ndi nkhuku. Soyayo ndinamutsuka bwinobwino, n'kumuyanika, n'kukagayitsa."

Ayi mayi, simunapange monga ndinanenera. Ndikunena mwachikondi. Munamutsuka, munamuyanika, munagayitsa. Nanga kuwiritsa kuli pati? Sabata ndi sabata ndimalankhula zimenezi pa wailesi pano mpaka pakhosi kuuma: soya wosaphika sapita kuchigayo.

Pali zinthu ziwiri zimene zinachitika m'nyumba mwanu. Choyamba ndi fungo. Soya wouma akangokhudzana ndi madzi ozizira, muli kanthu kena m'kati mwake kamene kamadzuka n'kuyamba kuwononga mafuta ake, ndipo fungo lija limabadwa pomwepo. Likabadwa silichoka, ngakhale muthire shuga kapu yonse. Ndiye kutsuka kuja, kumene munkati ndi ukhondo, ndi kumene kunabweretsa fungo. Chachiwiri ndi mimba ya mwana. Mu soya wosaphika muli zinthu zimene zimatsekereza thupi kugaya zomanga thupi m'matumbo. Mwana amadya, mimba imatupa, koma phindu la soya limangodutsa. Zinthu zimenezi zimafa ndi moto wokwanira. Mphindi 20 za mu uvuni musazidalire, chifukwa m'kati mwa kakeke simutentha kuposa madzi owira.

Kakonzedwe kake ndi aka, ndipo amene mukusenda mbatatesi imani kaye mumve. Petani soya pa lichero, musankhe timiyala ndi njere zowola, ali wouma choncho. Telekani madzi ambiri, awire mpaka kubwata. Thirani soya pang'onopang'ono, dzanja limodzi, kenako lina, kuti madzi asasiye kuwira. Mukamukhuthula yense kamodzi madzi amazizira, ndipo mwabwerera pa vuto lomwe lija. Awire mphindi 30 zathunthu. Ndipo kuno ku Dedza musachotsereko ngakhale imodzi. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100 ngati kunyanja ya mchere. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno kusiyana ndi ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Akawira, mutsanuleni, ndipo apa tsopano madzi ozizira ndi ololedwa. Tikitani ndi manja makoko achoke, muyanike pa thandala mpaka njere izilira mukailuma. Kenako kuchigayo. Amene mulibe nkhuni zambiri, mukazingeni mu chiwaya pa moto wochepa mpaka asanduke wofiirira m'kati momwe, osati kupserera kunja m'kati muli mwauwisi.

Ndipo musagayitse ndowa yonse. Soya ali ndi mafuta ambiri, ufa wake ukakhalitsa umawawa. Gayitsani wa masabata atatu kapena anayi, musunge m'chigubu chotseka bwino.

Tsopano bambo akunyumbawo, ngati ali pafupi ndi wailesi, ndiwapatse moni. Bambo, nkhumba ndi nkhuku zimanenepa ndi soya chifukwa eni mafamu amadziwa mtengo wake. Ifeyo tikamakolola mu Epulo ndi Meyi, timathamangira kwa mavenda ndi matumba onse, osasiyako ngakhale ndowa imodzi. Soya wathu, kaya ndi Tikolore kaya ndi Makwacha, amakwera lole kupita ku Lilongwe, ndipo ndalama ija timagulira mwana timapaketi ta zokhwasula zofiira zimene zimangodetsa lilime. Kenako soya yemweyo amabwerera ali m'paketi ngati nyama ya soya, ife n'kumugula modula.

Ndinapita kumudzi wina kuseri kwa phiri la Dedza kukaphunzitsa gulu la amayi. Ndinafunsa kuti, ndani analima soya chaka chino? Manja anakwera pafupifupi onse. Ndani ali naye m'nyumba lero? Anayang'anana n'kuyamba kuseka. Gogo wina ndiye anatulutsa kathumba kamene anabisa kuti adzukulu asakagulitse. Tinaphika timakeke ndi soya wa gogoyo, ndipo abambo amene ankaonerera chapatali pansi pa mtengo ndi amene anayamba kutumiza ana kudzapempha.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Ambiri mwa ana amenewa sagona ndi njala. Amakhuta nsima, amakhuta mbatatesi, amakhuta phala loyera la mchere. Chimene chikusowa ndi chomanga thupi. Ndipo kupinimbira kumachitika makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu. Nzeru yosakaniza chimanga ndi soya si yachilendo ayi. Likuni Phala amene mumalandira kusikelo anayambira pa chipatala cha mishoni cha Likuni, ndipo muyezo wake ndi magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Chimanga chili ndi chimene soya alibe, soya ali ndi chimene chimanga chilibe. Alangizi a zaumoyo amakuuzani za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Werengani mu kakeke kamodzi aka: ufa ndi chokhutitsa, soya ndi nsinjiro ndi za gulu la nyemba, dzira ndi chambiko ndi zochokera ku nyama, nthochi ndi chipatso, mafuta alimo. Asanu. Kwatsala masamba okha, ndiye chonde nkhwani ndi mpiru musasiye madzulo.

Koma ndichenjeze, chifukwa ena mumamva mbali imodzi. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ndi bere lokha, osati kakeke, osati madzi. Akapitirira apo, ufa wa soya womwewo muthire m'phala. Kakeke kadikire mpaka azitha kutafuna bwino, ndipo muzimunyemera tizidutswa mutakhala naye pafupi. Mayi a kwa Kaphuka, yesaninso ndi soya wowiritsa. Koma mwana akatupa milomo, akatuluka zidzolo kapena akabanika atadya soya, mtedza kapena dzira, imeneyo ndi nkhani ina. Thamangirani naye kuchipatala.

Nthawi yathamanga, ndifulumire. Mnyamata wa ku Chimbiya, amene amagulitsa pamsewu wa M1, akuti timakeke take timafufuma bwino kenako n'kuphwa pakati. Achimwene, soda wachuluka. Kuno kumapiri mpweya ndi wopepuka, zinthu zimafufuma msanga zisanalimbe, kenako zimagwa. Muyezo wa m'mabuku a kunja muzichotserako soda pang'ono. Komanso lekani kuvundukula mphindi iliyonse. Ndipo soda wochuluka ndi amene amabweretsa kakomedwe ka sopo kaja makasitomala amadandaula.

Mayi wa ku Kasumbu akuti alibe uvuni. Mayi, chigumu ndi chikondamoyo amayi athu ankaphikira mu uvuni wanji? Tengani mphika waukulu, thirani mchenga wouma pansi, muutenthetse pa mbaula. Pakani mafuta m'makapu achitsulo, muthire mpaka kupitirira theka pang'ono, muwaimike pa mchengapo. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, makala ambiri pamwamba, ochepa pansi. Zitini za penti, za mankhwala a mbewu kapena za oyilo, ayi ndithu, ngakhale mutazitsuka kakhumi. Ndipo m'nyengo yozizira musalowetse mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo. Utsi wake suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo.

Bambo wina wopuma pantchito ku Dedza Boma akuti ali ndi matenda a shuga, kodi angadye? Bambo, nthochi yakupsa kwambiri ili ndi shuga wake kale, ufanso umasanduka shuga m'thupi. Ngati mukufuna kulawa, shuga wa m'paketi musathiremo n'komwe, muchulutse mgaiwa ndi soya, mudye kamodzi osati tinayi, ndipo tiyi wake akhale wopanda shuga. Koma kaye mukafunse amene amakuyezani kuchipatala, chifukwa ndi amene akudziwa mmene shuga wanu akuyendera ndi mankhwala amene mukumwa.

Yomaliza, mayi wa ku Linthipe akudandaula kuti nthochi zadula. Zoona, mayi. Matenda a chisaka anawononga nthochi zambiri ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, moti zambiri za m'misika ya m'tauni zimachita kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Amene muli ndi phata lodwala, masamba ang'onoang'ono ounjikana pamwamba, lizuleni lonse, ndipo ana ake musagawire mnzanu. Pa timakeke, nthochi ziwiri zikwana mukawonjezera theka la kapu ya mbatata yofiira m'kati, yophika n'kunyenya, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni. Imeneyo imabweretsanso vitamini A. Inu a ku Linthipe mkaka muli nawo pafupi, ndiye chambiko si vuto. Amene mulibe, finyirani ndimu mu mkaka muudikire pang'ono, chifukwa soda amafuna chowawasa kuti agwire ntchito.

Ndisanatseke, chuku. Ndikudziwa mwatopa nane, koma ndinenabe. Mtedza wofota, wakuda, wowawa, uja mumapatula kuti wabwino mukagulitse, si wopangira nsinjiro za ana. Poizoni wa chuku safa ndi kukazinga, safa ndi uvuni, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Ndi nkhungu ndi mawawa a mu Juni ndi Julayi, soya wowiritsa amachedwa kuuma, ndiye muziwiritsa tsiku limene dzuwa lawala, ndipo akachita nkhungu mutayeni. Timakekenso timeneti tilibe mankhwala osungira; masiku awiri kapena atatu tikhale tatha.

Amene makalata anu sitinawerenge, musataye mtima, ali pano pa tebulo. Sabata yamawa tikambirana za mkaka wa soya, ndiye sungani soya wanu, musagulitse yense. Mayi a kwa Kaphuka, mutilemberenso mutiuze mmene ana adyera.